Maekala 160 pa madola 18: moyo wa oswa mphanje ku Nebraska

Usiku wa pa 31 Disembala 1862, m'katauni ka Brownville m'mphepete mwa mtsinje wa Missouri ku America, anthu anali paphwando lolandira chaka chatsopano. Mmodzi mwa iwo, Daniel Freeman, bambo wa zaka 36, mtima wake sunali pa gule. Anali ataona kale malo amene ankawafuna, ndipo lamulo latsopano logawa malo linali loti liyamba kugwira ntchito kukacha. Malinga ndi mmene mwini wakeyo ankasimbira pambuyo pake, ananyengerera kalaliki wa ofesi ya malo kuti akatsegule chitseko nthawi itangodutsa 12 koloko usiku, ponena kuti m'mawa amayenera kunyamuka kubwerera ku ntchito ya usilikali. Kalaliki uja anavomera. Tsiku lomwelo anthu oposa 400 analembetsa malo m'maofesi osiyanasiyana, koma dzina limene dziko linasunga ngati la woyamba ndi la Freeman.

Nkhani ya pakati pa usikuyi imakoma kuisimba, komabe chimene chinamupulumutsa Freeman ndi malo amene anasankha. Anali m'mbali mwa kamtsinje ka Cub Creek, pafupi ndi tauni ya Beatrice kummwera chakum'mawa kwa Nebraska. Madzi analipo, mitengo yomangira ndi ya nkhuni inalipo, nthaka inali yakuda ndi yachonde, mvula inkagwa mokwanira. Anthu miyandamiyanda amene anabwera pambuyo pake analandira maekala ofanana ndi akewo pa pepala, 160, koma pamene ankasendera kumadzulo, madzi, mitengo ndi mvula zinkachepera limodzi. Lamulo linangowerenga maekala. Moyo wa munthu woswa mphanje kumeneko unkadalira zinthu zimene lamulolo silinawerenge.

Lamuloli, lotchedwa Homestead Act, analisainira ndi Pulezidenti Abraham Lincoln pa 20 Meyi 1862, nkhondo yapachiweniweni ili mkati. Ganizo lopereka malo a boma kwa alimi ang'onoang'ono linali litakambidwa kwa zaka zambiri, koma aphungu a kummwera, kumene minda ikuluikulu ya thonje inkalimidwa ndi akapolo, ankalitsekereza. Ankadziwa kuti madera atsopano akadzaza ndi mabanja olima okha, mavoti a kumeneko sadzakomera ukapolo. Mu 1860 lamulo lofanana nalo linadutsa ku nyumba ya malamulo koma Pulezidenti James Buchanan analikana. Zigawo zakummwera zitadzipatula, otsutsa aja anapita nazo, njira n'kutseguka.

Zofunika zake zinkaoneka zapafupi. Munthu akhale wa zaka 21 kapena mutu wa banja, akhale nzika kapena atalumbira kuti akufuna kukhala nzika, ndipo asakhale woti ananyamulirapo boma mfuti. Polembetsa ankapereka madola 12. Kenako amange nyumba pamalopo, alime, akhalepo zaka zisanu. Akachokapo kupitirira miyezi isanu ndi umodzi, malo ankamuthawa. Zaka zikakwana ankabwera ndi mboni ziwiri zodziwa kuti wakhaladi pamenepo, n'kuwonjezera madola 6, ndipo boma linkamupatsa kalata ya umwini. Wandalama ankatha kudula njira: pakatha miyezi isanu ndi umodzi ankagula malowo pa dola imodzi ndi masenti 25 pa ekala. Khomo limeneli ndi limene anthu achinyengo ndi makampani ankalowera, potuma anthu kukalembetsa malo kenako n'kuwagula kwa iwo.

Pali chinthu china chimene wowerenga wa kwathu kuno ayenera kuchimvetsa, chifukwa chinaumba moyo wonse wa kumeneko. Ife tinazolowera kuti malire a munda ndi mkuyu, chulu kapena khwawa, ndipo amawadziwa ndi a mfumu. Ku America, kuyambira mu 1785, boma linkatumiza opima malo kukadula dziko m'mabokosi ngati nsalu ya madilafuti, osasamala kuti mtsinje wadutsa pati. Bokosi lalikulu linali la mamailosi 6 mbali zonse, m'kati mwake muli mabokosi 36 a maekala 640, ndipo lililonse la amenewa ankaligawa panayi. Gawo limodzi ndiye maekala 160 aja, pafupifupi mahekitala 65, kapena kuti mamita 800 m'litali ndi 800 m'lifupi. Popeza lamulo linkati aliyense agone pamalo ake, mudzi sukanatheka. Banja lililonse linkakhala pakati pa bokosi lake, woyandikana naye ali kutali koti utsi wake wokha ndiwo umaoneka. Kusungulumwa kumene kumadzaza m'makalata a amayi a nthawi imeneyo kunachokera pa cholembera cha opima malo.

Malowo anali a yani?

Mawu oti kuswa mphanje amapereka chithunzi cha tchire limene khasu silinakhudzepo, ndipo ndi mmene azungu obwerawo ankazionera. Koma dzikolo linali ndi eni ake. Kumene Freeman anakhala kunali kwa anthu a mtundu wa Otoe ndi Missouria. Mu 1854, chaka chimene Nebraska inatsegulidwa kwa obwera, mitunduyi inasainitsidwa pangano lopereka dziko lake n'kupanikizidwa pa kadera ka m'mbali mwa mtsinje wa Big Blue, kummwera kwa Beatrice. Kaderako nakonso obwera anakasirira, ndipo mu 1881 eni nthaka aja anasamutsidwira kumene lero kuli Oklahoma. A mtundu wa Pawnee, amene ankamanga nyumba zikuluzikulu za dothi ndi kulima chimanga, nyemba ndi maungu m'zigwa za Nebraska kwa zaka mazanamazana, anasamutsidwa cha pakati pa zaka za m'ma 1870. Chimanga chimene mzungu ankadzala monyada ngati woyamba chinali mbewu ya anthu amene anawachotsapowo.

A mtundu wa Ponca anawathamangitsa mu 1877, ndipo ambiri anafera m'njira ndi kumalo atsopano. Mfumu yawo ina, Standing Bear, inabwerera kudzaika mwana wake wamwamuna m'dziko la makolo, n'kumangidwa. Pa mlandu wake ku Omaha mu 1879, woweruza Elmer Dundy anagamula kuti mwini nthaka wa ku America ndi munthu pamaso pa lamulo. Taganizani, zinafunika khoti kuti zimenezi zinenedwe, patapita zaka 16 Freeman atalandira malo a madola 18. Wa ku Thyolo kapena ku Mulanje, amene agogo ake anangodzuka tsiku lina m'zaka za m'ma 1890 n'kumva kuti mudzi wawo uli m'kati mwa esiteti chifukwa cha pepala losainidwa ku Zomba, sangavutike kumvetsa.

Tibwerere kwa Freeman. Nkhondo itatsala pang'ono kutha mu 1865 anakwatira Agnes Suiter wa ku Iowa, amene poyamba anali bwenzi la mbale wake wa Daniel yemwe anamwalira pa nthawi ya nkhondo. Anamufunsira pa kalata. Pepala limene mboni zake zinasainira mu 1868 likadalipo, ndipo limaonetsa zimene banja lokhala pabwino linkatha kuchita m'zaka zisanu: nyumba ya mitengo ndi matabwa ya pafupifupi mamita 4 m'lifupi ndi 6 m'litali, ya zitseko ziwiri ndi mawindo awiri, khola la akavalo, la nkhosa, nkhokwe ya chimanga, mitengo 40 ya maapozi ndi pafupifupi 400 ya mapichesi. Munda wolimidwa unali maekala 35 okha pa 160. Chiwerengero chimenechi chikunena zambiri. Munthu wamphamvu, wokhala ndi ziweto zokoka pulawo, pa nthaka yabwino, atagwira ntchito zaka zonsezo anali asanafike ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo anayi a malo ake.

Chinkachedwetsa ndi udzu. M'zigwa zimenezi udzu unali utamera zaka zikwizikwi osasokonezedwa, kum'mawa wautali kuposa munthu, kumadzulo waufupi, koma konse mizu yake inali italukana ngati mphasa yochindikala. Pulawo wachitsulo wamba ankangokanirira. Pankafunika pulawo wapadera wolemera, wokokedwa ndi ng'ombe zofula zingapo, ndipo ngakhale zinthu zitayenda bwino munthu ankatembenuza ekala imodzi kapena kupitirira pang'ono pa tsiku. Mizu ikamaduka inkamveka kuthetheka ngati nsalu ikung'ambika. Chaka choyamba nthakayo sinkalola kupalira kapena kupanga mizere. Mlimi ankayenda ndi nkhwangwa, kutema pa chibuma chotembenuzidwa, kuponyamo njere za chimanga, n'kuponda ndi phazi. Zokolola zake zinkangokwana kupulumukira. Mizu ikaola chaka chotsatira, m'pamene munda unkayamba kukhala munda.

Nyumba ya zibuma

Kumadzulo kwa Beatrice, ukayenda masiku angapo pa ngolo, mitengo inkatha. Ukaima pakati pa chigwa unkaona udzu ndi thambo basi. Matabwa ankabwera pa sitima ndipo mtengo wake sunali wa munthu wosauka. Choncho obwera ambiri chaka choyamba ankakumba phanga m'mbali mwa chitunda kapena m'gombe la khwawa, kutseka kumaso kwake, n'kutulutsa paipi ya utsi pamwamba. Ng'ombe yosochera inkatha kuponda denga n'kugwera m'nyumba.

Akakhazikika pang'ono ankamanga ndi udzu womwe unkawavutitsa uja. Ankasankha malo a chinyontho kumene mizu yalukana kwambiri, n'kudutsitsa pulawo wodula nthaka m'mizere yaitali osaiphwanya. Mizereyo ankaidula ndi fosholo m'zibuma zotalika kuposa theka la mita, zochindikala ngati chikhatho, zolemera moti mwana sangazinyamule. Ankazisanja ngati zidina, udzu utayang'ana pansi, opanda matope omatira, chifukwa mizu inkagwirana yokha. Khoma linkachindikala kuposa theka la mita. Nyumba imodzi inkadya pafupifupi ekala yathunthu ya zibuma. Mwanthabwala eni ake ankazitcha mwala wa mabo wa ku Nebraska, mabo pokhala mwala wosalala wokongoletsera nyumba za olemera.

Ubwino wake unalipo, tisaname. M'nyengo yozizira munkafunda, m'chilimwe munkazizira, moto wolusa wa m'tchire sunkaipsereza, mphepo yamkuntho sinkaigwedeza. Vuto linali denga. Pa phaso la timitengo tosowa tija ankayalapo udzu kenako zibuma, ndipo mvula ikagwa tsiku limodzi panja, m'nyumba inkadontha masiku awiri kapena atatu, madzi ake amatope. Kukauma, fumbi ndi tizilombo zinkagwera m'mbale. Amayi ankapachika nsalu yopyapyala kudenga kuti igwire dothi, mbewa ndi njoka zimene zinkaboola khoma. Wojambula zithunzi wina, Solomon Butcher, anayendayenda m'boma la Custer kuyambira mu 1886 kujambula mabanja oterewa, ndipo zithunzi zake zambirimbiri zasungidwa. Chimene chimandigwira mtima m'zithunzizo ndi chakuti anthu ankatulutsa panja chilichonse chamtengo chimene anali nacho, tebulo, makina osokera, mavwende odulidwa, ng'ombe, kuti achibale otsala kwawo aone kuti zikuyenda. Nyumba ya dothi ili kumbuyo, iwo atavala za kutchalitchi.

Kopanda mitengo n'kopanda nkhuni, pamene kuzizira kwa kumeneko kumapha. Poyamba ankatola ndowe zouma za njati za ku America, zimene zinali mbwee m'zigwa. Njatizo, zomwe kale zinali mamiliyoni ochuluka, zinaphedwa mwachisawawa chifukwa cha zikopa mpaka pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 zinatsala mazana owerengeka, ndipo kutha kwake kunathyola msana wa mitundu imene inkadalira nyamayi. Obwera anayamba kutola mafupa a njatizo n'kumagulitsa pa siteshoni ya sitima kuti akapange feteleza, ndipo kwa mabanja ena imeneyi ndiyo inali ndalama yoyamba kuigwira pamalo awo. Ndowe za njati zitatha anatembenukira ku za ng'ombe, zitsononkho, ndi udzu wouma wopotedwa mwamphamvu. Ntchito yotola ndi kupota inali ya amayi ndi ana, ndipo moto wake unkanyeka msanga moti pankafunika munthu wongosonkhezera tsiku lonse.

Madzi nawo anali nkhani ina. Amene analibe mtsinje ankatunga m'migolo pa ngolo, mtunda wa makilomita angapo, kufikira atakumba chitsime. Pamalo okwera madzi ankapezeka pa mamita 30, pena kuposa 60, ndipo zonsezi ankakumba pamanja, munthu atatsitsidwa pa chingwe m'dzenje lopapatiza. Ena anakwiririka momwemo. Chinadzathandiza ndi mjigo woyendera mphepo, umene Daniel Halladay anaukonza mu 1854, koma unatenga zaka kuti utsike mtengo. Mpanda nawonso unali mutu waukulu mpaka Joseph Glidden atalembetsa waya waminga mu 1874. Waya ameneyu anateteza minda ku ng'ombe za oweta, n'kuyambitsanso mikangano yoopsa pakati pa alimi ndi oweta amene anazolowera msipu wopanda malire.

Apa m'pamene bodza la malo aulere limaonekera. Ng'ombe, ngolo, pulawo, mbewu, mbaula yachitsulo, mawindo, chitsime, ndi chakudya cha banja kufikira kukolola, zonsezi zinkafuna madola mazana angapo, pa nthawi imene waganyu ankalandira pafupifupi dola imodzi pa tsiku. Osauka enieni a m'mizinda ngati New York, amene andale ankati lamuloli ndi lawo, ambiri sankatha ngakhale kulipira ulendo. Amene anapita ambiri anali ana a alimi a ku Ohio, Illinois ndi Iowa, asilikali opuma amene kuyambira mu 1872 ankaloledwa kuchotsera zaka za usilikali pa zisanu zija, ndi obwera kuchokera ku Germany, Sweden, Denmark, Norway ndi Bohemia. Malo abwino a pafupi ndi njanji ambiri boma linali litapereka kale ku makampani a sitima, omwe ankawagulitsa. Abambo ambiri ankachoka miyezi ingapo kukagwira ganyu pa njanji kapena m'minda ya ena, ndipo amene ankasunga lamulo la kukhala pamalo anali mayi ndi ana.

Kalata ya umwini inkatuluka m'dzina la bambo, koma ndikaona mndandanda wa ntchito za mayi ndimakayika ngati dzinalo linkapita koyenera. Ankaphika phala ndi zikondamoyo za ufa wa chimanga tsiku ndi tsiku, kukazinga tirigu kapena mbewu zina m'malo mwa khofi, kutsekemeretsa chakudya ndi madzi a misale owiritsa, kupanga sopo ndi phulusa ndi mafuta a nkhumba, kusoka zovala, kukama ng'ombe, kulima dimba. Mazira ndi batala zimene ankapita nazo kusitolo ndizo zinkagula mchere, palafini ndi singano m'zaka zimene munda walephera. Pobereka, mzamba anali mayi woyandikana naye, ngati uthenga wafika nthawi yake. Matenda a diphtheria otseka kukhosi ankatha kulanda banja ana awiri kapena atatu m'sabata imodzi. Agnes Freeman anabereka ana asanu ndi atatu, mmodzi n'kumwalira ali wamng'ono. Lamulo linkalola mbeta ndi amasiye kulembetsa malo m'dzina lawo, chinthu chachilendo pa nthawiyo, ndipo m'madera ena mmodzi mwa olembetsa khumi aliwonse anali mkazi. Wokwatiwa ndiye sankaloledwa, poti mutu wa banja ankati ndi mwamuna.

Dzombe, chipale ndi chilala

Mu Julayi 1874 thambo linada masana. Dzombe lochokera kumapiri a Rocky linatera ku Nebraska, Kansas, Dakota ndi madera oyandikana nawo, ndipo m'maola ochepa chimanga chimene chinali chitamasula chinasanduka timitengo. Linadya anyezi mpaka pansi, makungwa a mitengo ya zipatso, zovala zoyanika, zingwe zachikopa, ngakhale mipini ya zipangizo chifukwa cha mchere wa thukuta. Sitima zinkalephera kukwera zitunda chifukwa njanji inkaterera ndi dzombe lophwanyika. Nkhuku ndi nkhumba zinalidya mpaka nyama yake inayamba kununkha, zitsime zinaipa. Boma linatumiza asilikali kukagawa chakudya ndi zovala, n'kulola alimi kuchoka pamalo awo kwakanthawi osawataya. Katswiri wa tizilombo wa ku Missouri, Charles Valentine Riley, analangiza anthu kuti dzombelo azilikazinga n'kudya, ndipo anaphikadi n'kulawitsa alendo ake. Ambiri ananyansidwa. Kwathu kuno ndiwo zikanapezeka, ngakhale ufa wodyera ndiwozo ukanasowabe. Mu 1877 Nebraska inakhazikitsa lamulo lokakamiza amuna kutuluka kukapha ana a dzombe akamaswa. Chodabwitsa n'chakuti mtundu wa dzombe umenewu unatheratu padziko. Lamoyo linaoneka komaliza mu 1902, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti alimi, polima ndi kudyetsa ziweto m'zigwa za m'mapiri mmene linkaikira mazira, analiwononga osadziwa.

Chipale chofewa chimene chimakumbukidwa kwambiri ndi cha pa 12 Januwale 1888. M'mawa kunacha kofunda, ana anapita kusukulu osavala zochindikala, abambo anatulutsa ziweto. Masana mphepo inatembenuka mwadzidzidzi, kuzizira kunatsika koopsa, ndipo chipale chouluka chinatseka maso moti munthu sankaona dzanja lake. Anthu pafupifupi 235 anafa, ambiri mwa iwo ana amene ankachokera kusukulu, ena atagwa pamtunda wa mamita ochepa kuchokera pakhomo pawo. Bokosi la mamita 800 lija apa linasanduka mdani, chifukwa pakati pa sukulu ndi nyumba panalibe mtengo, mpanda kapena khomo la mnansi loti n'kugogoda. Alimi ochenjera ankamanga chingwe kuchokera kunyumba kukafika kukhola. M'nyengo youma mdani anali moto, ndipo banja lililonse linkalima mizere iwiri kuzungulira nyumba n'kutentha udzu wa pakati pake.

Anthu akuda nawo anayesa mwayi umenewu atamasuka ku ukapolo n'kukhala nzika. Mu 1877 gulu lochokera ku Kentucky linakhazikitsa mudzi wa Nicodemus ku Kansas, ndipo amene anafika chaka chotsatira, atamva za dziko la lonjezo, anapeza utsi ukutuluka pansi, anzawo akukhala m'mapanga. Ena analira pomwepo, ena anabwerera, koma mudziwo unakhazikika ndipo ulipobe. Mu 1879 zikwi za anthu akuda zinathawira ku Kansas pothawa nkhanza za kummwera. George Washington Carver, amene pambuyo pake anatchuka ndi kafukufuku wa mtedza ndi mbatata, analembetsa malo m'boma la Ness ku Kansas mu 1886, namanga nyumba ya zibuma ndi manja ake. Sanakhalitse. Anawasiya malowo n'kupita kukafuna sukulu.

Chimene chinagwetsa anthu ambiri kuposa dzombe ndi chipale chinali chiphunzitso chabodza. M'zaka za m'ma 1870 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1880 mvula inagwa bwino kumadzulo, ndipo anthu ophunzira, monga Samuel Aughey wa pa yunivesite ya Nebraska ndi Charles Dana Wilber, anayamba kulalikira kuti mvula imatsatira pulawo, kuti ukatembenuza nthaka n'kudzala mitengo, mitambo imabwera yokha. Makampani a sitima, amene anali ndi malo oti agulitse, anafalitsa uthengawu mpaka ku Ulaya. Boma linawonjezera lamulo mu 1873 lopatsa munthu maekala ena 160 akadzala mitengo pa maekala 40, kenako anatsitsa kufika pa 10 ataona kuti mitengoyo ikungouma. Munthu mmodzi amene ananena zoona anali John Wesley Powell, katswiri wofufuza malo a kumadzuloko. Mu lipoti lake la 1878 anachenjeza kuti kumadzulo kwa mzere umene umadula Nebraska pakati, mvula sifika mamilimita 500 pa chaka, ndipo banja loweta kumeneko lingafunike maekala 2,560, malire ake otsatira madzi. Aphungu sanafune kumva.

Chilala chinayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, n'kufika pachimake mu 1894, pamene mphepo yotentha inapsereza chimanga cha Nebraska m'masiku ochepa. Alimi ambiri anali atangolandira kalata ya umwini n'kukaipereka ngati chikole pa ngongole ya makina ndi ziweto, pa chiwongoladzanja chofanana ndi katapila. Chaka cha mvula mitengo ya mbewu inkagwa moti ena ankasonkhezera moto ndi chimanga poona kuti n'chotchipa kuposa malasha, ndipo sitima yonyamula zokolola inkalipiritsa mmene yafunira. Chaka cha chilala analibe chogulitsa. Ngolo zimene zinapita kumadzulo zinayamba kubwerera, maboma ena n'kutaya gawo lalikulu la anthu awo. Mkwiyo wa alimi otsala unabala chipani cha People's Party, chimene chinachita msonkhano wake waukulu ku Omaha mu 1892 n'kufuna kuti njanji zikhale za boma. Boma linadzavomereza mochedwa kuti maekala 160 sakwana. Mu 1904 linalola maekala 640 kumchenga wa kumadzulo kwa Nebraska, ndipo mu 1909 maekala 320 m'madera ena ouma. Udzu unapitirira kutembenuzidwa, mpaka m'zaka za m'ma 1930 chilala chitabwereranso, nthaka yopanda mizu inanyamuka ndi mphepo n'kudetsa thambo ngati dzombe lija.

Pomwe lamuloli linkathetsedwa mu 1976, kupatula ku Alaska kumene linafika mu 1986, makalata a umwini okwana pafupifupi 1.6 miliyoni anali ataperekedwa, okhudza maekala 270 miliyoni, gawo limodzi mwa magawo khumi a dziko lonse la America. Olembetsa anali ochuluka kuposa pamenepo kawiri ndi kupitirira. Ena anagonja, ena anagulitsa mwayi wawo kwa obwera pambuyo, ena anasamukira pa bokosi lina kukayesanso. Amene anapirira anasiyira ana ndi adzukulu chuma chimene mabanja ambiri a ku America akudyerabe, ndipo popeza ochuluka kwambiri mwa iwo anali azungu, kusiyana kwa chuma pakati pa mitundu m'dzikolo kuli ndi muzu wina pamenepa.

Freeman sanabwerere. Anamanga nyumba ya njerwa, anagula malo ena, ankachiza odwala poti anaphunzirako zaudokotala, ndipo anakhalapo mkulu wa apolisi wa m'dera lakwawolo. Anali munthu wamakani. Atakalamba anakokera kukhoti akuluakulu a sukulu ya pafupi ndi kwawo chifukwa mphunzitsi ankawerengera ana Baibulo ndi kuwapempheretsa m'kalasi, ndipo mu 1902 khoti lalikulu la Nebraska linagamula mokomera iyeyo, anansi ake ambiri atamuda nazo. Anamwalira mu 1908. Agnes anakhala mpaka 1931, ndipo onse awiri anaikidwa pachitunda cha pamalo omwewo.

Mu 1936 boma linasandutsa malo a Freeman kukhala chikumbutso cha dziko, chimene lero chimatchedwa Homestead National Historical Park. Oyang'anira ake atafika anapeza nthaka yaguga, yokokoloka ndi zaka 70 za pulawo. Kuyambira mu 1939 anayamba kufunafuna mbewu ndi zibuma za udzu wakale uja m'malo ochepa amene anapulumuka, n'kumadzala pa maekala 100 a munda wa Freeman. Masiku ano amautentha mwadala nthawi ndi nthawi kuti uphuke bwino, monga ankachitira eni nthaka kalelo, ndipo pofika mu Seputembala umatalika kubisa munthu woyenda m'kanjira kopita kumanda a Daniel ndi Agnes.